Masamu a Cheza Chochizira Khansa: Chifukwa Chake Wodwala Asajombe Tsiku

M'mwezi wa July chaka cha 2025 boma lidatsegula chipatala chachikulu cha matenda a khansa mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lino Mmalawi wamba adapeza mwayi wolandira chithandizo cha cheza m'chipatala cha boma popanda kuwoloka malire. Chaka cha 2024 chipatala china chomwe si cha boma chidali chitayamba kale ntchito yomweyi ku Blantyre. Kale lonseli munthu wofunika chithandizo chotere ankalembedwa pa mndandanda wa odikira ulendo wa ku India, ku Tanzania kapena kumaiko ena, ndipo ambiri maina awo ankafikiridwa eni ake atagona kale kumasano.

N'koyenera kuti mtundu unyadire chitukuko chotere. Mwa anthu onse odwala khansa, pafupifupi theka amafunika chithandizo cha cheza pa nthawi ina ya matenda awo, ndipo kuno kwathu khansa ya khomo la chiberekero yokha imagwira amayi oposa 4,000 chaka chilichonse, nipha pafupifupi 3,000. N'chifukwa chake pomwe bungwe la International Atomic Energy Agency lidakhazikitsa ntchito yake ya Rays of Hope mu February 2022, dziko la Malawi lidali m'gulu la maiko 7 oyamba kuthandizidwa. Komatu akuluakulu adati walira mvula walira matope. Makina tili nawo tsopano, koma makina paokha sachiza munthu. Chochiza ndi ndondomeko ya masamu yomwe makinawo amatsata tsiku ndi tsiku, ndipo masamuwo ali ndi lamulo louma lomwe silimva za maliro, za kusowa ndalama ya basi, kapena za kuzima kwa magetsi. M'nkhani ino ndifuna kuti tione pamodzi masamu amenewa, kuti tidziwe chomwe afuna kwa wodwala, kwa abale ake ndi kwa boma.

Cheza sichiwotcha

Tiyambe ndi kukonza mawu. Anthu ambiri akamanena za chithandizochi amati wodwala akukamuwotcha, ndipo mawu okhawa n'ngokwanira kumuthawitsa munthu pakhomo pa chipatala. Zoona zake n'zakuti cheza chomwe chimatuluka m'makina aja n'chamtundu umodzi ndi chija cha X-ray chomwe Wilhelm Röntgen adatulukira ku Germany mu 1895, kungoti ichi n'champhamvu koposa. Mlingo wake amauyesa ndi muyeso wotchedwa gray, dzina lochokera kwa katswiri wa ku Britain, Louis Harold Gray. Munthu atalandira magray 5 thupi lonse nthawi imodzi, moyo wake ukhala pachiswe, pakuti ambiri olandira mlingo wotere amafa m'milungu yochepa ngati sathandizidwa. Koma chodabwitsa n'chakuti mphamvu yonse ya magray 5 amenewa imatenthetsa thupi ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a digiri imodzi. Kapu ya tiyi ya m'mawa imalowetsa kutentha kochuluka kuposa pamenepo. Tsono ngati si moto, chomwe chimapha n'chiyani?

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tamoyo totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Pa phata pa selo lililonse pali chingwe chachitali chotchedwa DNA, chomwe chimasunga malangizo onse a kakulidwe ndi kagwiridwe ka ntchito ka selolo. Chingwechi n'chopotedwa ndi nkhosi ziwiri, monga momwe timapotera chingwe cha khonje, ndipo zolembedwa pa nkhosi imodzi zimayenderana ndi zolembedwa pa inzake. Cheza chikamadutsa m'selo chimamenya chingwecho mwachindunji, kapena, kawirikawiri, chimaswa madzi a m'selomo nasanduka tizidutswa taukali tomwe timaluma chingwe chija. Gray imodzi yokha imadula nkhosi imodzi m'malo pafupifupi 1,000 m'selo limodzi, ndipo imadula nkhosi zonse ziwiri pamodzi m'malo 20 mpaka 40.

Selo silingokhala phee likavulala; lili ndi amisiri ake olumikiza. Pomwe paduka nkhosi imodzi ntchito ndi yapafupi, poti mmisiri amangoyang'ana nkhosi yotsalayo nakonza mofanizira. Pomwe paduka zonse ziwiri mpomwe pagona ngozi, chifukwa chofanizira chasowa, ndipo nthawi zina nsonga ya chingwe ichi imalumikizidwa ku nsonga ya chingwe china. Selo lotere silifa pomwepo. Limakhalabe, limadya, limaoneka ngati labwino, kufikira tsiku lomwe lifuna kugawikana kuti likhale maselo awiri. Pamenepo malangizo osokonezeka aja amalephera kugawika bwino, ndipo mbadwo wake umathera pomwepo. Choncho kwa akatswiri a nkhaniyi, selo la khansa lafa ngati lataya mphamvu yoberekana kosalekeza. Ichi ndicho chifukwa chake chotupa sichiphwa tsiku lomwelo, koma pang'onopang'ono m'milungu yotsatira.

Mayi wa ku Baltimore ndi chiwerengero choyamba

Kwa zaka zambiri madotolo ankachiza ndi cheza mongodalira zomwe maso awo adaona, popeza padalibe njira yowerengera maselo a munthu opulumuka. Njirayo idapezeka kudzera mwa mayi wachikuda wa ku America, Henrietta Lacks, yemwe adadwala khansa ya khomo la chiberekero, matenda omwewa otisautsa kuno. Mu 1951, akulandira chithandizo pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, madotolo adatapa kachidutswa ka chotupa chake osampempha chilolezo, chinthu chomwe dziko lidadzachizindikira pambuyo pake kuti chidali cholakwa. Iye adamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, koma maselo ake adapitirira kuswana m'mabotolo, ndipo akuswanabe mpaka lero, nadziwika ndi dzina loti HeLa.

Mu 1956 Theodore Puck ndi Philip Marcus a pa yunivesite ya Colorado adatenga maselo amenewa nawafesa m'timbale motalikirana, monga momwe mlimi amayesera mbewu yake asanabzale. Timbale tina adatiwalitsa ndi cheza chochepa, tina ndi chochulukirapo, tina osatiwalitsa n'komwe. Patapita masiku adawerenga kuti ndi maselo angati omwe adabereka kamudzi ka maselo 50 kapena kuposa. Ntchito yawo, pamodzi ndi ya anzawo owatsatira, idaulula zinthu ziwiri zomwe ndizo maziko a chithandizo chonsechi.

Choyamba n'chakuti mlingo wofanana wa cheza supha chiwerengero chofanana cha maselo, koma gawo lofanana la maselo omwe alipo. Ngati magray 2 a lero apha theka la maselo 1,000, otsala ndi 500. Magray 2 a mawa sapha 500 onsewo ayi, apha theka lawo natsala 250. Zili ngati matalala ogwa m'munda wa fodya: sasankha tsamba, lina limabowoledwa katatu pomwe lina silikhudzidwa n'komwe, ndipo akagwanso mawa lake ambiri amagwera pa masamba owonongeka kale. Chachiwiri n'chakuti pa mlingo wochepa maselo amapulumuka ochuluka kuposa momwe munthu angayembekezere, chifukwa amisiri olumikiza aja amaikwanitsa ntchito. Mu 1959 Mortimer Elkind ndi Harriet Sutton adatsimikiza izi poonetsa kuti mlingo wogawidwa pawiri, pakati pake nipapita maola angapo, umapha maselo ochepa kusiyana ndi mlingo womwewo woperekedwa kamodzi.

Chiganizo cha mbali ziwiri

Pofika zaka za m'ma 1970 akatswiri adali atamanga chiganizo cha masamu chofotokoza zonsezi, chomwe amachitcha linear-quadratic, ndipo John Fowler wa ku Britain ndi mmodzi mwa omwe adachifalitsa pakati pa madotolo. Chiganizochi chimati bala lopha selo lili ndi magwero awiri. Gwero loyamba, lotchedwa alpha, ndi pomwe muvi umodzi wa cheza wachita bala lakupha paokha. Mabala otere amachuluka molingana ndi mlingo, kotero kuti mlingo ukawirikizidwa kawiri, iwonso awirikizidwa kawiri. Gwero lachiwiri, lotchedwa beta, ndi pomwe mivi iwiri yosiyana yavulaza malo oyandikana, mabala awiriwo naphatikizana kukhala bala lakupha. Mabala a mtundu uwu amachuluka molingana ndi mlingo wochulukitsidwa ndi mwini wake: magray 2 apereka 4, koma magray 4 apereka 16.

Apa mpomwe pagona nzeru yogawa mlingo. Mukapereka magray 4 nthawi imodzi, mbali ya beta ifika 16. Mukapereka magray 2 lero ndi magray 2 mawa, mabala a lero amakhala atalumikizidwa usiku, sapezananso ndi mabala a mawa, ndipo mbali ya beta ingokhala 4 kuphatikiza 4, ndiye kuti 8. Cheza n'chofanana, koma kuwononga kwa mbali imeneyi kwatsika ndi theka. Wina angafunse kuti phindu lake n'lotani, popeza cholinga chathu n'kupha maselo, osati kuwapulumutsa. Yankho n'lakuti cheza sichingafike pa chotupa popanda kudutsa m'mnofu wabwino, ndipo maselo onse samva mbali ziwirizi mofanana.

Akatswiri amayesa kusiyanaku pogawa alpha ndi beta. Kwa zotupa zambiri zokula msanga, yankho lake limakhala pafupifupi 10, kutanthauza kuti mbali ya beta n'njochepa ndipo kugawa mlingo sikuzipulumutsa kwenikweni. Kwa ziwalo zomwe maselo ake amagawikana mwa apo ndi apo, monga impso, mapapo, chikhodzodzo ndi mtsempha wa m'fupa la msana, yankho limakhala pafupifupi 3 kapena kucheperapo, kutanthauza kuti mbali ya beta n'njaikulu ndipo kugawa mlingo kumazipulumutsa kwambiri. Tiyerekeze magray 60 operekedwa m'njira ziwiri: magray 2 pa tsiku kwa masiku 30, kapena magray 6 pa tsiku kwa masiku 10. Masamu aonetsa kuti pochoka pa njira yoyamba kupita pa yachiwiri, kuvulala kwa chotupa kumakwera kuchoka pa 72 kufika pa 96, koma kuvulala kwa ziwalo zabwino kumakwera kuchoka pa 100 kufika pa 180. Kufulumira kotere kupweteka mwini thupi koposa momwe kupwetekera matenda.

Madotolo adaziona izi ndi maso masamuwa asanabadwe. Claudius Regaud wa ku France adayesa kuthetsa mphamvu yobereka ya nkhosa zamphongo ndi cheza, napeza kuti mlingo waukulu woperekedwa kamodzi unkasupula khungu ntchito isanatheke, pomwe milingo ing'onoing'ono ya masiku ambiri inkathetsa mbewu khungu lili bwino. Mnzake Henri Coutard adatengera nzeruyi kwa anthu odwala khansa ya pakhosi ku Paris, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 njira yopereka cheza pang'onopang'ono kwa milungu ingapo idali itakhazikika. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Masiku 30 a wodwala

Ine ndimaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo ntchito yotsatirayi mwana wa Fomu 3 angathe kuigwira pa bolodi. Chotupa chachikulu ngati nsonga ya chala chimakhala ndi maselo pafupifupi 1,000,000,000. Pofuna kuti chiwerengero chisavute, tiyerekeze kuti selo lililonse lingathe kuyambitsanso matenda, ndi kuti magray 2 a tsiku lililonse amapha theka la otsala. Pakutha pa masiku 10 a chithandizo, otsala ndi pafupifupi 1,000,000. Pakutha pa masiku 20, otsala ndi pafupifupi 1,000. Pa masiku 25 atsala 30, ndipo pa masiku 30 latsala pafupifupi limodzi.

Owerenga aone bwino msampha womwe uli m'chiwerengerochi. Pa tsiku la 20, mwa maselo 1,000,000 aliwonse latsala lamoyo limodzi lokha. Magazi aleka kutuluka, ululu wachepa, fungo latha, ndipo wodwala akudya. Nthawi yomweyo zowawa za chithandizo, monga kutsegula m'mimba, kutopa ndi kuyabwa kwa khungu, zafika povuta. Ufa womwe adabwera nawo watha. Kumudzi kwabwera uthenga wa maliro, kapena mvula yagwa ndipo munda uli chigonere. Mwa nzeru zonse za umunthu, munthuyu wachira ndipo ayenera kupita kwawo. Koma m'thupi mwake mwatsala maselo 1,000 omwe diso kapena makina ojambulira sangawaone, ndipo selo limodzi lokha n'lokwanira kubweza matenda onse.

Masiku otsiriza, omwe amaoneka ngati ongotaya nthawi, ndiwo ogamula mlandu. Tikati latsala pafupifupi selo limodzi, tanthauzo lake n'lakuti mwa odwala ena simutsala kanthu, mwa ena mutsala limodzi, mwa ena awiri kapena atatu, monga momwe matalala aja amagwera mosasankha. Masamu a mwayi aonetsa kuti m'chitsanzo chathuchi, mwa odwala 100 omwe afika tsiku la 30, pafupifupi 40 amakhala opanda selo lamoyo la khansa. Omwe alekezera pa tsiku la 29, ochira ndi 16 okha. Omwe alekezera pa tsiku la 25, sachira ndi mmodzi yemwe. Kutapitirizidwa mpaka tsiku la 35, ochira afika 97; koma apa mpomwe dotolo amayang'ananso ziwalo zabwino zija, chifukwa nazonso zili ndi malire ake. Ziwerengerozi n'zachitsanzo chabe, ndipo zimasiyana malinga ndi mtundu wa khansa, koma phunziro lake ndi limodzi kulikonse: tsiku limodzi la kumapeto limasintha mwayi wa munthu koposa momwe maso angaonere.

Pali chinthu china choopsa koposa. Chotupa sichidikira. Mlimi aliyense adziwa kuti kapinga ukamupalira n'kusiya timizu tochepa, nupita ulendo, pobwera upeza munda wonse wabiriwiranso. Mu 1988 Rodney Withers ndi anzake adaonetsa kuti pa khansa za m'kamwa ndi pakhosi, maselo opulumuka amayamba kuswana mofulumira kwambiri pakatha pafupifupi milungu 4 chiyambire chithandizo, ngati kuti azindikira kuti mtundu wawo ukutha. Pa nthawi imeneyi masiku atatu kapena anayi ongokhala amafafaniza ntchito ya tsiku lathunthu la chithandizo. Mu 1992 madotolo a ku Toronto, m'dziko la Canada, adapeza zofanana pa khansa ya khomo la chiberekero: tsiku lililonse lotalikitsa chithandizo mopyola muyeso linkachotsa pafupifupi 1 pa 100 pa mwayi wogonjetsa chotupacho. N'chifukwa chake lamulo la madotolo lero n'lakuti chithandizo chonse cha khansa imeneyi, cha kunja kwa milungu 5 pamodzi ndi chija choika gwero la cheza m'kati pafupi ndi chotupa, chithe m'masiku osapyola 56. Kupumula kwa Loweruka ndi Lamulungu kudawerengedwa kale m'ndondomekoyi; kujomba kwina kulikonse ndi mphatso kwa matenda.

Mpweya wa okosijeni nawo uli ndi gawo lake. Mu 1953 Gray yemwe uja ndi anzake adaonetsa kufunika kwa mfundo yoti selo losowa mpweyawu limalimba kwambiri pa cheza, kotero kuti pafunika mlingo wowirikiza pafupifupi katatu kuti life. M'kati mwa chotupa chachikulu, kutali ndi mitsempha ya magazi, mumabisala maselo otere. Kupereka cheza tsiku ndi tsiku kumathandiza, popeza maselo a kunja akamafa, mpweya umafika kwa a m'kati, nafewa pa mlingo wa mawa. Madotolo adaonanso kuti amayi ochepa magazi kawirikawiri sachira bwino monga anzawo a magazi okwanira, ndipo kuchepa magazi si nkhani yachilendo kwa mayi yemwe wakhala akutaya magazi miyezi yambiri asanafike kuchipatala.

Zomwe masamuwa afuna kwa ife

Choyamba, afuna pogona ndi chakudya. Mayi wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje sangapite kwawo madzulo n'kubwerera m'mawa. Afunika denga, nsima ndi womudikirira kwa milungu 7 kapena 8, ndipo nthawi yonseyo mtima wake uli pa ana omwe wawasiya kumudzi. Pa ndondomeko ya chuma, nyumba yogonamo odwala, thumba la ufa ndi ndalama ya basi zimaoneka ngati ntchito zachifundo zomwe zingadikire makina atagulidwa. M'masamu omwe taonawa, zinthu zimenezi ndi gawo la mankhwala enieniwo. Dziko lomwe lagula makina a ndalama zankhaninkhani, nililola wodwala kulekezera pa tsiku la 20 chifukwa cha njala, lataya ndalama zake ndi munthu yemwe.

Chachiwiri, afuna kuti makina asaime. Makina amenewa amafuna magetsi osagwedezeka, ndipo zipangizo zake zosinthira zimachokera kunja, nizigulidwa ndi ndalama zakunja zomwe tonse tidziwa kusowa kwake. Makina a X-ray akawonongeka mlungu umodzi, odwala amangochedwa kujambulidwa. Makina a cheza akaima mlungu umodzi, aliyense yemwe ali pakati pa chithandizo chotupa chake chaphukiranso. Choncho mgwirizano ndi okonza makina, injini za magetsi zapadera ndi mafuta ake, ndiponso dongosolo losamutsira odwala ku makina ena tsiku lomwelo, ziyenera kukhala ndi ndalama yakeyake yosakhudzidwa. M'zipatala za maiko ena tsiku lojombedwa limabwezedwa pogwira ntchito Loweruka, kapena popereka milingo iwiri tsiku limodzi motalikirana ndi maola 6, kuti maselo abwino apeze nthawi yodzikonza. Masiku athu a tchuthi cha boma ayenera kuganiziridwa chimodzimodzi.

Chachitatu, afuna anthu odziwa kuwerenga. Kuseri kwa dotolo kumakhala katswiri wa fizikisi ya zachipatala, yemwe ntchito yake n'kutsimikiza kuti magray 2 olembedwa pa pepala ndi magray 2 ofika m'thupi. Taona kale kuti kusiyana pang'ono pa mlingo kumasintha zambiri. Ku Panama, m'zaka za 2000 ndi 2001, odwala 28 adalandira mlingo wopyola muyeso chifukwa cha kalowetsedwe kolakwika ka ziwerengero mu kompyuta yokonzera chithandizo, ndipo ena mwa iwo adamwalira. Dziko lathu lili ndi lamulo la mphamvu ya atomu la chaka cha 2011, ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zimenezi, ndipo liyenera kupatsidwa zida ndi ufulu woyendera zipatala zonse, za boma ndi zomwe si za boma. Akatswiri a mawa ali m'makalasi mwathu lero, ndipo mwana yemwe afunsa kuti masamu a mphamvu za nambala adzamuthandiza chiyani ayenera kuuzidwa nkhani imeneyi.

Chachinayi, masamu omwewa amatipatsa mpata wopulumukira. Si zotupa zonse zili ndi chiwerengero cha 10 chija. Khansa ya m'mawere idapezeka kuti chiwerengero chake chili pafupi ndi 4, moyandikana ndi cha ziwalo zabwino, kotero kuti kugawa mlingo m'masiku ambiri kulibe phindu lalikulu. Kafukufuku wa ku Britain adaonetsa mu 2008 kuti magray 40 m'masiku 15 amagwira ntchito mofanana ndi magray 50 m'masiku 25, ndipo mu 2020 kafukufuku wina wa odwala oposa 4,000 adaonetsa kuti kwa amayi ambiri ochitidwa kale opaleshoni, magray 26 m'masiku 5 n'ngokwanira. Malo omwe kale ankakhalapo mayi mmodzi angathandize amayi asanu. Momwemonso ululu wa khansa yofalikira m'mafupa umachepa ndi mlingo umodzi wa magray 8 monga momwe umachepera ndi masiku 10. Kwa dziko la makina ochepa ndi maulendo aatali, nzeru imeneyi ndi chuma. Koma kufupikitsa ndi ntchito ya dotolo, pa matenda omwe kafukufuku adatsimikiza. Si chilolezo choti wodwala adzifupikitsire yekha.

Chachisanu, afuna kuti tifike msanga. Chotupa chokula kakhumi chimafuna masiku ena atatu kapena anayi a chithandizo kuti chifike pa mwayi womwewo, chimakhala ndi maselo ambiri osowa mpweya, ndipo ziwalo zabwino sizingapirire masiku owonjezera mopanda malire. Katemera wa HPV, yemwe dziko lino lidayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, ndi kuyezetsa khomo la chiberekero pa zipatala zazing'ono, ndizo zidzachepetse mzere wa pa makina a ku Lilongwe.

Masamu amenewa si uneneri. Amanena za gulu la odwala, osati za tsogolo la munthu mmodzi, ndipo sagwira bwino ntchito pa milingo ikuluikulu yoperekedwa kamodzi. Ziwerengero zake zambiri zidayesedwa kwa odwala a ku Europe ndi ku America, pomwe ambiri mwa odwala athu amafika matenda atakula, ali ochepa magazi, ena ali ndi kachilombo ka HIV. N'chifukwa chake zipatala zathu ziyenera kulemba mosamala tsiku loyamba, tsiku lomaliza, masiku ojombedwa ndi zifukwa zake kwa wodwala aliyense, kuti akatswiri a pa Kamuzu University of Health Sciences adzathe kutiuza, ndi ziwerengero zathuzathu, pomwe tikutayira anthu.

Mawu otsiriza apite kwa inu amene muli ndi mbale wanu pa chithandizochi. Munthu wolandira cheza cha makina a kunja satenga chezacho m'thupi. Mungathe kudya naye mbale imodzi, ndipo angathe kunyamula mdzukulu wake. Akadandaula ndi zowawa za chithandizo, kauzeni dotolo kapena namwino, pakuti zambiri zili ndi mankhwala ake, ndipo safunsa adadya phula. Akayamba kupeza bwino nanena zobwerera kumudzi, mukumbutseni za maselo 1,000 aja. Kumunda kupite ena, kumaliro kupite ena, mpingo ndi mudzi zisonkhe ufa. Iye m'mawa mwake akhale pa mzere wa makina, kufikira tsiku lomwe dotolo adzanene kuti masiku akwana.

M'gawo lotsatira tidzaona mbali ina ya nkhani yomweyi: zomwe cheza chochepa, cholandiridwa kwa zaka zambiri monga pa mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, chimachita m'maselo a munthu wosadwala.